Galimoto yakale ndi m'mawa wa mu Juni

Mukadzuka m'mamawa mwezi wa Juni kapena Julayi kuno ku Ulongwe, mumadziwa nokha mmene kumakhalira. Udzu uli chinyontho ndi mame, chifunga chakuta mapiri, zala zikukana kugwira khasu. Chisanu chimenechi sichivutitsa anthu okha. Galimoto nayo imachimva, makamaka ikakhala yakale.

Ndikunena magalimoto aja aatali kumbuyo, okhala ndi chitseko chakumbuyo chotsekukira m'mwamba. Mumawadziwa: Toyota Probox, Corolla Fielder, Nissan AD. Ambiri anayamba agwira ntchito ku Japan, kenako n'kukwezedwa sitima yapamadzi kubwera kuno. Probox anayamba kuipanga mu 2002, ndiye ina imene mumaiona pamsika yapitirira zaka 20. Anthu amaikonda chifukwa imodzi yomweyo imagwira ntchito zambiri. M'mawa yaperekeza ana kusukulu, masana yanyamula kachewere, usiku yathamangira ndi wodwala kuchipatala. Ndiye ikakana kulira m'mawa, tsiku lonse lawonongeka, ndalama ya tsikulo yapita.

Choyamba kugonja ndi batire. M'kati mwa batire muli mankhwala amene amatulutsa magetsi, ndipo kukazizira mankhwalawo amagwira ntchito mwaulesi. Nthawi yomweyo oyilo wa mu injini amakhala atalimba ngati uchi, choncho injini imafuna mphamvu zambiri kuti izungulire. Batire yotopa imatha kukunamizani chaka chonse, koma mu Juni imaulula. Mwezi wa Meyi usanathe, pitani kwa makaniko akaiyeze. Batire yodzaza bwino imaonetsa mavoti 12.6 injini ili chete. Onaninso pamitu pake. Mukapeza ufa woyera kapena wobiriwira, pukutani, mumange zolimba.

Poliza, zimitsani kaye magetsi, wailesi ndi fani. Musapotoze kiyi kupitirira masekondi 10. Ikakana, dikirani pang'ono, muyesenso. Ngati ndi ya dizilo, dikirani kanyali kooneka ngati waya wopotana kazime kaye. Ndipo ambiri mwa magalimoto amenewa ndi osintha okha magiya. Oterowo salira ndi kukankha ayi. Musavutitse ana a aneba pachabe.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ndimafuna muimvetse bwino. Mu injini muli kachitsulo kakang'ono kokwana m'dzanja. Amakaniko amakatcha thermostat, ena amati termostato monga mwa Chipwitikizi. Kali ngati mlonda wa pachipata. Injini ikakhala yozizira, kamatseka njira kuti madzi asapite ku rediyeta, ndipo injini imafunda msanga. Madzi akatentha kufika madigiri pafupifupi 80, kamatsegula, madzi n'kupita kukazizira.

Amakaniko ambiri amakonda kukachotsa. Amati, "Aaa, aka n'ka kwa azungu kozizira, kuno ku Africa n'kosafunika." Mwina amene amanena zimenezi amaganiza za kutentha kwa mumzinda wa Tete, kumene munthu amatuluka thukuta ngakhale atakhala pamthunzi. Koma Ulongwe si Tete. Ife tili pamtunda, mamita oposa 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo anzathu a ku Tsangano amazizidwa kuposa ife. Ngakhale ku Tete komweko, kuchotsa kachitsuloka si mankhwala. Galimoto ikamawira, kawirikawiri vuto limakhala rediyeta yotsekeka, fani yakufa, paipi yodontha, kapena thermostat yomweyo yafa ndipo ikufuna ina yatsopano.

Kakachotsedwa chimachitika n'chiyani? Madzi amangozungulira osaima, injini imachedwa kwambiri kufunda. Kompyuta ya galimoto ikaona kuti injini idakali yozizira, imathira petulo wambiri. Inu mumangodabwa kuti thanki ikutha msanga. Zitsulo za m'kati zimadyekanso msanga chifukwa oyilo wozizira sayenda bwino. Ine zinandichitikira. Ndinagula Fielder kwa munthu wina, osadziwa kuti anachotsamo kale kachitsuloka. Nyengo yonse yozizira ndinkayendetsa nditavala jekete ndi chipewa, ndikumanena kuti hita inafa. Hita inalibe mlandu. Imatenga kutentha kwake ku madzi a mu injini, ndiye madziwo akakhala ozizira, nayo imapuma mphepo yozizira basi.

Mungadziwe bwanji? Yang'anani kutsogolo kwa chiwongolero. Magalimoto ena ali ndi kasingano pakati pa zilembo ziwiri, C ndi H. C akutanthauza kuzizira, H kutentha. Mukayenda mphindi 10 kapena 15, kasingano kayenera kufika chapakati n'kukhazikika pomwepo. Magalimoto ena alibe kasingano, ali ndi kanyali ka buluu kapena kobiriwira kamene kamazima injini ikafunda. Ngati mwayenda mtunda wautali kasingano kadakali pa C, kapena kakutsika mukamatsetsereka, kafunseni makaniko ngati thermostat ilimo. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi petulo amene mukutaya.

Musaone ngati hita ndi ya anthu ofuna zofewa. Mukanyamula anthu m'mawa, mpweya wawo umachita nthunzi pagalasi lakutsogolo. Kunja chifunga, m'kati nthunzi, ndipo m'mbali mwa msewu wopita ku Calomue muli njinga, ngolo za ng'ombe ndi ana a sukulu. Mphepo yofunda ya hita ndi imene imayeretsa galasi. Kupukuta ndi dzanja kumangopaka mafuta, dzuwa likatuluka simuona kanthu. Sungani kansalu koyera ka ntchito imeneyi yokha. M'chifunga yatsani magetsi apansi. Aatali aja amangogunda chifunga n'kubwerera m'maso mwanu.

Ena amaliza galimoto n'kuisiya ikulira theka la ola, ati ifunde. N'kuwotcha ndalama kumeneko. Mphindi imodzi kapena ziwiri zakwana, kenako nyamukani pang'onopang'ono osaponda moto kwambiri. Injini imafunda msanga ikamayenda. Mu rediyeta muzithira madzi ake amankhwala aja, ofiira kapena obiriwira. Madzi a pachitsime amachititsa dzimbiri. Ndipo musatsekule chivindikiro cha rediyeta injini ili yotentha, mungapse nkhope.

Za katundu ndingonena mwachidule. Probox yonyamula katundu anailembera makilogalamu 400 mukakhala anthu awiri. Amenewo ndi matumba 8 a makilogalamu 50, osati 15. Nthawi yokolola dyera limakula, ndikudziwa, koma masipuling'i ndi mabuleki a galimoto ya zaka 20 sadziwa mtengo wa kachewere.

Chomaliza ichi mukauzekonso anzanu amene amagona m'galimoto podikira msika. Musalowetse mbaula m'galimoto, ngakhale kuzizire bwanji. Makala amatulutsa mpweya woipa umene suoneka ndiponso sununkha. Munthu amangomva tulo, mutu kulemera, osadzukanso. Utsi wa injini ulinso ndi mpweya womwewo, ndipo galimoto yakale yobooka paipi ya utsi imaulowetsa m'kati, makamaka kudzera ku chitseko chakumbuyo chija mphira wake akatha. Choncho musagone injini ikulira mawindo ali otseka. Tengani bulangete lachiwiri kunyumba, muzimitse injini, musiye kampata pawindo.