NTHENDA YA LUPUS IMAFOOKETSA MAFUPA

Amai ena amabwera ku cipatala ndi ululu m'mfundo, kutopa, tsitsi kuthothoka ndi zotupa zofiira pamasaya zimene zimakula akakhala padzuwa. Nthawi zina imeneyi imakhala nthenda yochedwa lupus. Siipatsirana, ndiponso si ufiti ai. Mwa odwala 10, pafupi-fupi 9 ndi akazi, makamaka a msinkhu wobereka.

M'thupi mwathu muli asilikali oteteza ku matenda. Pa lupus asilikali amenewa amasokonezeka ndi kuyamba kumenyana ndi thupi lomwe: khungu, mfundo, impso ndi magazi.

Nanga mafupa? Fupa ndi cinthu camoyo. Muli maselo ogumula fupa lakale, ochedwa osteoclast, ndi ena omanga latsopano, ochedwa osteoblast. Nchito ziwirizi zikamayenda molingana, fupa limakhala lolimba. Koma asilikali akakwiya amatumizirana mauthenga m'magazi, monga TNF ndi interleukin-6. Mauthenga amenewa amaonjezera nchito ya ogumula ndi kufooketsa omanga. Fupa limayamba kupyapyala mkati popanda ululu, mpaka tsiku lina msana kapena ciuno cithyoka pa kugwa pang'ono cabe.

Palinso zifukwa zina. Mankhwala a prednisolone amapulumutsa moyo wa odwala lupus, koma akamwedwa miyezi yambiri amacepetsa kumangika kwa fupa. Wodwala amauzidwanso kupewa dzuwa, pamene dzuwa ndi limene limathandiza khungu kupanga vitamini D wolowetsa kashiamu m'thupi. Impso zikaonongeka, vutoli limakula.

Tsono mungacite ciani?

Musaleke prednisolone mwadzidzidzi pa inu nokha, cifukwa kutero kungaike moyo wanu pangozi. Dokotala ndiye amacepetsa muyezo pang'ono-pang'ono. Idyani kapenta pamodzi ndi minga yake, mkaka, nyemba, lepu ndi cibwabwa. Yendani pansi tsiku liri lonse monga mwa mphamvu zanu. Fodya ndi mowa zilekeni. Funsani ku cipatala za mapilisi a kashiamu ndi vitamini D.

Mukamva ululu watsopano m'msana, kapena m'ciuno mpaka kutsimphina, musataye nthawi ndi mankhwala ogula pamsika. Pitani ku kiliniki yapafupi, ndipo iwo adzakutumizani ku cipatala ca St Francis ku Katete kapena ku Chipata kukajambulitsa. Inu abambo ndi apongozi, mai wodwala lupus musamusenzetse nkhuni kapena migomo ya madzi. Fupa la ciuno likathyoka, mai akhoza kugona pamphasa miyezi yambiri.