Kuwotcha khansa kuchokera mkati: chithandizo cha brachytherapy ku Lilongwe

Brachytherapy ndi njira yochizira khansa poika kachitsulo kotulutsa radiation mkati mwa chotupa kapena pafupi nacho kwambiri. Dzinali likuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kufupika, poti mphamvu yake imagwira ntchito pamtunda waufupi zedi: imapha maselo a khansa amene ali pomwepo, koma imachepa msanga ikamatalikira, motero ziwalo zoyandikana nacho, monga chikhodzodzo ndi matumbo, siziwonongeka kwambiri.

M'Malawi njirayi ndi yofunika makamaka pa khansa ya khomo la chiberekero, imene imapezeka mwa amayi oposa 4,000 chaka chilichonse ndi kupha pafupifupi 3,000. Kwa zaka zambiri m'dziko muno munalibe makina a radiation, ndipo odwala ochepa amene anali ndi mwayi ankatumizidwa ku Zambia, ku Tanzania kapena ku India. Mu 2025 chipatala cha National Cancer Centre, chimene chili pambali pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, chinatsegulidwa mwalamulo, ndipo bungwe la International Atomic Energy Agency linathandizapo kudzera m'pulogalamu yake ya Rays of Hope.

Kale madokotala ankagwiritsa ntchito radium, imene Marie ndi Pierre Curie anaitulukira mu 1898, ndipo mayi ankagona nayo m'thupi masiku awiri kapena atatu. Njira ya masiku ano, yotchedwa high dose rate, imapereka mphamvu yoposa ma gray 12 pa ola (gray ndi muyeso wa radiation), moti kuwotcha kwenikweni kumatha m'mphindi zowerengeka. Dokotala amalowetsa timachubu m'chiberekero ndi m'njira ya abambo, wodwala atapatsidwa mankhwala ochepetsa ululu. Ogwira ntchito onse amatuluka m'chipindamo, kenako makina oyendetsedwa ndi kompyuta amakankhira kachitsulo, kakang'ono ngati kanjere ka mpunga, m'machubumo. Kamaima pamalo osiyanasiyana kwa masekondi owerengedwa, kenako n'kubwerera m'bokosi lake. Mayi satuluka ndi radiation m'thupi, ndipo sangavulaze ana kapena aliyense kunyumba.

Kumene kafukufuku wapita patsogolo kwambiri ndi pa kujambula. Poyamba mlingo unkawerengedwa pa zithunzi za X-ray, mofanana kwa wina aliyense, ngati kuti zotupa zonse n'zofanana. Tsopano amajambula ndi CT kapena MRI timachubu tili kale m'malo mwake, n'kukonza mlingo molingana ndi chotupa cha munthuyo. Kafukufuku wa EMBRACE, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2021, anapeza kuti mwa amayi 92 pa 100 alionse khansa inali isanabwererenso pamalo ake patapita zaka 5.

Komabe makina paokha sachiza. Iridium-192, imene imatulutsa radiation m'kachitsuloko, imataya theka la mphamvu yake pa masiku 74 alionse, choncho imayenera kuitanitsidwa kunja miyezi itatu kapena inayi iliyonse, nkhani yosapepuka kumene ndalama zakunja zimasowa. Cobalt-60, imene ingagwiritsidwe ntchito m'malo mwake, imatenga zaka zoposa 5 kuti ifike pamenepo, n'chifukwa chake maiko ambiri osauka amaikonda.

Nthawi nayonso ndi yolimba. Brachytherapy imabwera pamodzi ndi radiation yochokera kunja kwa thupi, ya masabata pafupifupi asanu, komanso mankhwala a cisplatin. Zonsezi ziyenera kutha m'masabata 8. Tsiku lililonse loonjezera limachepetsa mwayi woti mayi achire.