Ngongole yoyamba ndi kulipira ndi msampha

Alimi anzanga, sabata ino tisiye kaye za m'munda, tikambe za akathyali oba kudzera pa lamya. Ndayamba ndi zomwe zidachitika ku America chifukwa nzeru zawo ndi zomwezo zimene tikuziona kuno kwathu.

Kumeneko anthu ambiri amagula katundu ndi khadi la ngongole. Ili ndi khadi lochokera ku banki lomwe munthu amagulira zinthu, ndalama n'kudzabweza pambuyo ndi chiwongola dzanja. Amene adalepherapo kubweza ngongole, mabanki amam'kaniza khadili. Anthu oterewa ndiwo akathyali ankawasaka.

M'zaka za m'ma 1990 ndi 2000, magulu ena okhala m'mizinda ya Toronto ndi Montreal ku Canada ankaimbira lamya anthu a ku America. Ankawauza kuti khadi lawo lavomerezedwa kale, chatsala n'kulipira madola 200 kapena kuposerapo. Munthu akatchula nambala ya akaunti yake ya ku banki, iwo ankatapamo ndalamazo. Khadi silinkabwera, kapena kunkabwera timapepala topanda ntchito. Maina a oberedwawo ankagulitsidwanso kwa akathyali ena, omwe ankaimba n'kulonjeza kubwezetsa ndalama zobedwazo, koma munthuyo alipirenso kaye.

M'chaka cha 1993 apolisi a ku Ontario adatsegula ofesi ya PhoneBusters yolandira madandaulo otere. Mu 1995 bungwe la boma la America la Federal Trade Commission lidakhazikitsa lamulo loletsa wamalonda wa pa lamya kulandiriratu ndalama kwa munthu yemwe wam'tsimikizira kuti apeza ngongole.

Kuno mlimi safuna khadi. Chimene chimamusowetsa tulo mvula ikayandikira ndi feteleza ndi mbewu, ndipo nyambo amaitchera pamenepo. Lamya imalira, munthu wa mawu aulemu n'kunena kuti dzina lanu latuluka pa ngongole ya zipangizo zaulimi, mutumize msanga ya fomu pa Airtel Money kapena Mpamba lero lisanathe. Mukatumiza, nambala ija siipezekanso.

Ine langizo langa ndi ili. Wobwereketsa weniweni salonjeza ngongole asanaone ngati mungathe kubweza. Amafunsa za munda wanu, za kalabu yanu ndi chitupa chanu. Ngati pali cholipira, mumalipira ku ofesi yake n'kulandira lisiti, osati kutumiza ku nambala ya munthu. Mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, choncho funsani chiphaso chawo. Nambala yanu yachinsinsi musauze wina aliyense, ngakhale wodzitchula bwana wa kampani ya lamya.

Wina akakufulumizitsani, dulani lamya, mukafunse alangizi a zaulimi kapena apolisi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndalama ya thumba limodzi la chimanga isapite kwa munthu amene simudamuonepo nkhope.