Anyamata Asanu a Astralis

Monga momwe msodzi wa pa Chipoka sangakoke chilimira ali yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga, momwemonso anyamata asanu a ku Denmark, amene mu Januwale 2016 anakhazikitsa gulu lotchedwa Astralis, anazindikira kuti m'masewera owomberana pakompyuta a Counter-Strike, munthu waluso koma wosamvera anzake amagwetsa gulu lonse. Motsogozedwa ndi wosewera gla1ve pamodzi ndi mphunzitsi zonic, gululi linatenga chikho chachikulu ku Atlanta mu 2017. Ndipo wosewera wina, Magisk, atalowamo, gululi linachitenganso katatu motsatizana, ku London mu 2018, ku Katowice ndi ku Berlin mu 2019, chinthu chimene gulu lina lililonse linali lisanachitepo.