Mankhwala a Zitsamba ndi Mwana Wosabadwa

Lero tilingalire za moyo wa mwana amene akali m'mimba mwa mai wake.

Mitengo ndi zitsamba adazilenga ndi Mulungu, ndipo ife sitizinyoza ai. Ngakhale kwinini wochiza malungo adachokera ku makungwa a mtengo. Koma chimene chili ndi mphamvu yochiza chilinso ndi mphamvu yoononga. Mai woyembekezera akamwa mankhwala, mphamvu yake imalowa m'magazi, nifika kwa mwana kudzera mu mchombo.

Nthawi yoopsa koposa ndi miyezi itatu yoyamba, pamene mtima, ubongo, msana, manja ndi miyendo zili kuumbika. Pakati pa 1957 ndi 1961 amai a ku Germany ndi maiko ena ankamwa mankhwala otchedwa thalidomide kuti aletse nseru. Ana oposa 10,000 adabadwa ndi zilema, ambiri a iwo manja kapena miyendo ili yosakwanira. Ngati mankhwala a muyeso wodziwika adachita zotere, nanga bwanji mizu yonyikidwa m'botolo, imene mphamvu yake siyezedwa konse?

Nthawi ina yoopsa ndi ya kuchira. Tonse timamva za mwanamphepo, amene amai amapatsidwa kuti achire msanga. Mankhwalawa amachititsa chiberekero kukunga mopitirira muyeso, njira isanatseguke. Mwana amaperewera mpweya, ubongo wake nuvulala, ndipo angathe kukula osayenda kapena osalankhula. Nthawi zina chiberekero chimang'ambika, mai ndi mwana natsikira kuli chete.

Tidziwa kuti apongozi ndi agogo amapereka mankhwalawa chifukwa cha chikondi. Koma akulu adati safunsa adadya phula. Tsono mai akangozindikira kuti waima, ayambe sikelo, kaya ku Likuni, ku Bwaila, ku Kawale kapena ku Area 25, ndipo aulule kwa anamwino chilichonse chimene wamwa, popanda mantha. Kumeneko adzalandira mapiritsi oonjezera magazi okhala ndi folic acid, amene akamwedwa msanga amathandiza kupewa zilema za msana ndi ubongo.

Inu abambo, perekezani akazi anu. Inu a m'miphakati, yenderani amai oyembekezera monga Maria Virigo adayendera Elizabeti. Ndipo mwana akabadwa wolumala, tisaloze mai chala kapena kutchula ufiti, pakuti iyenso ndi chifaniziro cha Mulungu.

Ambuye adalitse mabanja athu onse. Amen.