Kachitseko ka Mumtima ndi Matenda Ake

Mwana akayamba kutupa mapazi ndi mimba, kapena khanda likamada milomo poyamwa, m'midzi yambiri funso loyamba limakhala lakuti, "Wamtsempha ndani mwanayu?" Mlandu ugwera amake kapena atate wake, ndipo mabanja ena apasuka nazo. Kutupa kuli ndi zifukwa zambiri, monga kusowa zakudya zoyenera ndi matenda a impso. Koma chifukwa china chimene anthu ambiri sachidziwa ndicho kuwonongeka kwa kachitseko kena ka mumtima.

Ntchito ya kachitsekoka

Mtima wa munthu uli ndi zipinda zinayi, ziwiri kumanja ndi ziwiri kumanzere. Mwazi umene wazungulira thupi lonse ubwerera wakuda, wotha mpweya, nulowa m'chipinda chapamwamba cha kumanja. Kuchokera m'menemo utsikira m'chipinda chapansi, chimene chiukankhira ku mapapo kuti ukatenge mpweya wabwino. Pakati pa zipinda ziwirizi pali kachitseko ka timakutu titatu, kamene madotolo akatcha tricuspid. Kagwira ntchito monga khomo la mono: nsomba ilowa, koma njira yobwerera palibe.

Kachitsekoka kakhoza kulakwika mwa njira zitatu. Kakhoza kulephera kutseka bwino, kotero mwazi ubwerera m'mbuyo. Kakhoza kuuma ndi kuchepa, kotero mwazi upita movutika. Kapena mwana akhoza kubadwa wopanda khomolo. Mwazi ukalephera kupita, udzaza m'mitsempha monga madzi a mumfuleni wotsekeka. Mitsempha ya m'khosi itukuka, chiwindi chikula, mimba ndi mapazi zitupa, ndipo wodwala atopa msanga.

Ana obadwa nalo vutoli

Mtima wa mwana uumbika m'masabata 8 oyamba a pakati, nthawi imene amayi ena asanadziwe n'komwe kuti aima. Pa ana 100 obadwa, pafupifupi mmodzi abadwa ndi chilema china cha mtima. Chilema chosowa khomo la tricuspid, chimene madotolo achitcha tricuspid atresia, n'chosowa koposa: chigwera mwana mmodzi pa ana pafupifupi 10,000.

Mwa mwana wotere, pamalo pa khomo pali khoma lokhalokha, ndipo chipinda chapansi cha kumanja chikhala chaching'ono. Mwanayo akhala ndi moyo chifukwa mwazi upeza kaboo kolowera ku mbali ya kumanzere, kumene wakuda usanganikira ndi wofiira. N'chifukwa chake lilime, nkhama ndi zikhadabo zake zida monga za mwana amene wadya mabulosi. Apuma mofulumira, achita thukuta poyamwa, asiya bere asanakhute, ndipo pa sikelo sakwera.

Pali chilema chinanso chimene dotolo wa ku Germany, Wilhelm Ebstein, anachilongosola m'chaka cha 1866. Apa khomo lilipo, koma timakutu take tamera pansi kwambiri, kotero sititseka bwino.

Mwa ana ambiri, ngakhale madotolo sapeza chimene chinayambitsa chilemacho. Koma zilipo zina zodziwika zimene ziwonjezera ngozi yakuti mtima wa mwana uumbike molakwika: matenda a shuga osasamalidwa mwa mayi, mowa, mankhwala ena akumwa popanda uphungu wa kuchipatala, ndiponso chibadwa cha ku mtundu. M'chaka cha 1941 dotolo wa maso wa ku Australia, Norman Gregg, anaona kuti amayi amene anadwala rubella, nthenda yofanana ndi chikuku, ali ndi pakati pang'ono, anabala ana a ng'ala m'maso, ndipo ambiri a anawo anali ndi mitima yolumala. Lero katemera wa nthendayi aperekedwa kwa ana pamodzi ndi wa chikuku. Pa zifukwa zonsezi, tsempho ndi ufiti palibepo.

Kuwonongeka munthu atabadwa kale

Anthu ambiri odwala kachitsekoka anabadwa nako kabwinobwino. Kawirikawiri vuto liyamba kwina. Zitseko za kumanzere zikawonongeka, kapena mitsempha ya m'mapapo ikalimba, chipinda cha kumanja chigwira ntchito yopitirira mphamvu yake mpaka chifutukuka. Pamenepo timakutu titatu tija sitikumananso, monga chitseko cha nyumba imene mphuthu zake zatayana. Likodzo la m'matumbo losachiritsidwa zaka zambiri likhoza kuchita zimenezi, pakuti mazira ake afika m'mapapo natseka timitsempha.

Koma mdani wamkulu wa mitima ya ana a sukulu ndiye zilonda za pakhosi. Tizilombo tina totchedwa streptococcus tikagwira mwana, makamaka wa zaka 5 kufikira 15, pakhosi papola pakapita masiku owerengeka, ndipo onse aiwala. Patapita masabata awiri kapena atatu, mwanayo atentha thupi, maondo ndi zigongono zitupa ndi kuwawa, ululu uchoka mfundo ina kunka ina. Imeneyi ndi rheumatic fever. Thupi pomenyana ndi tizilomboto lilasanso zitseko za mtima wake womwe. Ziyamba kuwonongeka ndi za kumanzere, ndipo tricuspid itsatira. Nthendayi ikabwerezabwereza, zipsera zichuluka, ndipo ena angozindikira atakula, makamaka atsikana pa mimba yoyamba.

Tizilombo tolowa m'mwazi ndi jekeseni wauve tikhozanso kumanga pa kachitsekoka ndi kukadya.

Chithandizo chilipo

Kale mwana wobadwa wopanda khomoli sanali kukhalitsa. M'chaka cha 1944, pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, Alfred Blalock, Helen Taussig ndi Vivien Thomas anapeza njira yolumikiza mitsempha kuti mwazi wambiri ufike ku mapapo a ana akuda milomo. M'chaka cha 1968, ku Bordeaux, Francis Fontan anachita opaleshoni yolambalalitsa mwazi kuti upite ku mapapo osadzera m'chipinda cholumalacho. Ambiri ochitidwa opaleshoniyi afika pa ukulu. Koma ntchito yotere ichitika m'zipatala zazikulu zokha, zambiri za kunja, ndipo ifuna ndalama zambiri. Choncho kupewa kupambana kuchiza.

Zoyenera kuchita

Mwana wa zilonda za pakhosi ndi kutentha thupi apite naye kuchipatala, ndipo mankhwala a penisilini akapatsidwa amalize onse. Amene anadwalapo rheumatic fever afunika jekeseni wa penisilini mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri, ngakhale akuoneka wamphamvu. Aphunzitsi ayang'anire mwana amene apuma wefuwefu anzake akusewera, asamuyese waulesi, koma auze makolo ake. Amayi ayambe sikelo msanga, aleke mowa, ndipo ana onse alandire katemera. Khanda lakuda lilime lisagone m'mudzi podikira maula. Lipite kwa dotolo tsiku lomwelo.

Mafumu ndi anankungwi athandize pofalitsa mawu awa: masiku amene atha pofunafuna wolakwa ndiwo masiku amene mwana akanathandizidwa.