KUMANGA DZIKO LA M'NTHANO ZA SAYANSI

Mlendo wofika pa Boma la Lundazi pa mseu wocokera ku Chipata amaona nyumba imene sanaiyembekeze kumeneko. Ndi nyumba ya njerwa yokhala ndi nsanja zozungulira, yofanana ndi malinga amene mafumu a ku Ulaya anali kukhalamo kale-kale. Anaimangitsa ndi Bwana Errol Button, D.C. wa Lundazi, kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ndi kuciyambi kwa m'ma 1950, ndipo anthu aidziwa ndi dzina lakuti Castle Hotel. Maonekedwe ace ndi a m'nthano za Azungu, koma iri ciimire cifukwa amisiri anakumba maziko, naumba njerwa, naziocha, naongola khoma liri lonse. Popanda nchito imeneyo nyumbayo ikadangokhala maloto a munthu mmodzi.

Comweco ndi nchito ya mlembi wa nthano za sayansi. Izi ndizo nthano zonena za zinthu zimene sizinacitike koma zingathe kucitika ndi nzeru za anthu, monga maulendo a ku nyenyezi, makina oganiza, kapena makhalidwe a anthu patapita zaka mazana ambiri. Wolemba za kumudzi kwao apeza dziko liri lomangidwa kale, pakuti owerenga adziwa mtondo, nkhokwe ndi bwalo la milandu. Koma wolemba za mtsogolo ayenera kumanga yekha dziko lonse, kuyambira pa madzi akumwa kufikira pa malamulo a ukwati, asanaikemo munthu ndi mmodzi yemwe.

CIMENE A PA MGODI ADZIWA

Amuna ogwira nchito pansi pa mgodi angamvetse zimenezi msanga koposa ena. Iwo adziwa kuti munthu sakhala pansi paja ndi kulimba mtima kokha. Pafunika makina okankhira mpweya pansi, mitengo ndi zitsulo zocirikiza mwala, cikepe cotsitsa ndi kukweza anthu, ndiponso mapampu ocotsa madzi usana ndi usiku. Ku Konkola, umene uli mmodzi wa migodi ya madzi ambiri pa dziko lonse, mapampu ataleka kugwira nchito mgodi ungamire.

Tsono mlembi anene kuti anthu amanga mudzi pa Mwezi kapena pa Mars, kumene kulibe mpweya woti munthu apume. Munthu wa pa mgodi adzafunsa pomwepo kuti mpweya ucokera kuti, aukonza ndani makina akaonongeka, nanga okonzawo alandira malipiro otani. Mlembi akapanda yankho, wowerenga aleka kumkhulupirira, ndipo ngakhale mnyamata wa m'nthanomo agwe m'tsoka lotani, wowerenga samva cisoni. Koma mlembi akadziwa mayankho, nkhani ibadwa yokha, pakuti wosunga makiyi a mpweya ndiye mfumu ya mudziwo, ndipo tsiku limene anchito ace adzakana nchito mudzi wonse udzanjenjemera.

DZIKO LOPANDA MVULA

Buku lochuka pa luso limeneli ndi Dune, limene Frank Herbert wa ku America anaturutsa m'caka ca 1965. Iye anayamba ndi cinthu cimodzi cokha, ndico dziko la mcenga lochedwa Arrakis kumene sikugwa mvula, ndipo anatsata cinthuco kufikira kumapeto ace. Anthu a kumeneko abvala zobvala zosunga thukuta la m'thupi ndi kulisandutsa madzi akumwa. Munthu akafa, madzi a m'thupi mwace abwezedwa kwa pfuko lace. Kulabvula malobvu pamaso pa munthu ndiko kumcitira ulemu, popeza wolabvulayo wapereka madzi ace, ndipo kukhetsa misozi pa maliro ndi cinthu cozizwitsa. Miyambo yonseyi yaphuka pa tsinde limodzi, cifukwa cace wowerenga aibvomereza ngakhale iri yacilendo.

Mabuku ena adzaza ndi zombo zonyezimira ndi mfuti za moto, koma osanena cimene anthuwo adya kapena amene alima. Amenewo ndiwo cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

ALEMBI A KUNO

M'caka ca 1964, pamene Zambia inali kulandira ufulu, mphunzitsi wina dzina lace Edward Mukuka Nkoloso analengeza kuti adzatumiza anthu ku Mwezi ndi ku Mars. Anali kuphunzitsa acinyamata pafupi ndi Lusaka powakunkhuniza m'mgolo kutsika phiri, ndipo anapempha bungwe la UNESCO ndalama zokwana £7,000,000, koma sanazilandire. Manyuzipepala a maiko akunja anamseka kwambiri.

Patapita zaka 55, Namwali Serpell, wobadwira ku Lusaka, anatenga mbiri yomweyo naiika m'buku lace lochedwa The Old Drift, la m'caka ca 1919 ai, koma la 2019, limene linapata mphotho ya Arthur C. Clarke m'caka ca 2020. Iye sanathamangire ku makina. Anayamba ndi kamudzi ka Azungu oyamba pa Zambezi pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, nafotokoza za kumangidwa kwa damu la Kariba, za Nkoloso ndi mtsikana wace wophunzira Matha Mwamba, ndi za matenda a Edzi, kutsata mabanja atatu m'mibadwo itatu. Pofika kumapeto, pamene mdzukulu wa Matha, mnyamata wa ku Kalingalinga, apanga timakina touluka tonga udzudzu, wowerenga adziwa kale agogo ace, umphawi wace ndi komboni imene anakuliramo. Cifukwa cace timakinato sitioneka ngati bodza.

Ku Malawi nakonso, Shadreck Chikoti anaturutsa buku lochedwa Azotus the Kingdom m'caka ca 2015, lonena za Africa patapita zaka 500, ndipo alembi a ku Malawi ndi a maiko ena anasonkhanitsa nthano zao m'buku lina lochedwa Imagine Africa 500. Mabuku onsewa ali m'Cingelezi. Koma luso la kufotokoza bwino si lacilendo m'Cinyanja. Akulu-akulu akumbukira Julius Chongo, amene m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 anali kusimba nthano pa wailesi m'programu ya Poceza m'Madzulo. Omvera sanali kuona kanthu ndi maso, koma mau ace anali kuwaonetsa njira, nyumba ndi nkhope za anthu.

LUNDAZI WA MTSOGOLO

Mwana wa ku Lundazi wofuna kulemba za kwao monga kudzakhalire patapita zaka 200 ali nazo kale njerwa zomangira. Ayambe ndi mvula. Masiku ano iyamba ca mu November ndi kuleka ca mu April; nanga ikadzafupika ndi miyezi iwiri, cimanga, thonje, nsawa ndi fodya zidzalimidwabe kodi? Ngati makina adzalima okha, acinyamata adzagwira nchito yanji, ndipo munda udzakhala wa yani?

Funso la munda lifika pa mwambo. M'boma limeneli mukhala Atumbuka, Acewa ndi Angoni. Kwa Atumbuka ndi Angoni mwamuna apereka malowolo ndipo ana akhala a kucimuna, pamene kwa Acewa mwambo wakale ndi wa cikamwini, ndipo mwini mbumba ndi malume. Tsono mnyamata Wacicewa akakwatira mtsikana Wacitumbuka, napita kukagwira nchito pa Mwezi zaka 10, ana atsala m'manja mwa yani? Mlandu wao udzaweruzidwa ndi mfumu, monga a Mwase, kapena ndi makina? Adzalankhula cinenero canji pa bwalopo?

Palinso miyala ya mtengo wapatali, monga aquamarine, imene anthu akumba m'bomali. Mlembi anganene kuti mwala wina wa kumeneko wapezeka kuti ndiwo uyendetsa zombo za mumlengalenga. Pamenepo ayenera kudziwa wokumba, wogula, mtengo wace, ndi njira imene mwalawo uturukira, kaya ndi ya ku Chipata kapena ya pa cipata ca Lusuntha colowera ku Mzimba. Amene anaona mkuwa ukucoka ku Copperbelt zaka zonsezi sadzasowa conena pa nkhani yotere.

Mlembi wanzeru alemba mayankho onsewa m'kabuku kace ka pambali, ndipo sasintha lamulo limene waika. Akanena pa tsamba loyamba kuti ulendo wa ku Mars utenga miyezi 7, mai wa m'nthanomo sangafike pa maliro a mwana wace m'mawa mwace. Komanso sayenera kukhuthulira zonse m'buku, pakuti owerenga afuna nkhani ya anthu. Mkazi mmodzi wowerenga madontho a madzi pophika nsima aonetsa cilala koposa masamba 10 a mafotokozedwe.

Nchito imeneyi iri ndi phindu loposa kukondweretsa. Nthano za mtsogolo ziphunzitsa ana kuganiza za kumene dziko lipita, ndipo mwana amene sapeza mtundu wace m'nthano zotere ayamba kuyesa kuti mtsogolo muli eni ace ena. Mlendo angalembe za Africa wa mtsogolo, koma sadziwa kulemera kwa mau a malume pa mlandu, kapena mantha a munthu amene nyali yamzimira pansi pa mgodi. Odziwa zimenezi ali ku Lundazi, ku Kitwe, ku Mufulira ndi m'makomboni a Lusaka, ndipo pepala ndi pensulo sizidula.